Nambala Imodzi, Eni Ake 40,000

M'chaka cha 1938, kampani ya E. H. Ferree ya m'tauni ya Lockport ku New York inkasoka tizikwama tachikopa toikamo ndalama. Nthawi imeneyo n'kuti boma la America litangoyamba kumene kupereka makhadi a Social Security, wogwira ntchito aliyense ndi nambala yakeyake. Akuluakulu a kampaniyo anafuna kuonetsa ogula kuti khadi latsopanolo limalowa bwinobwino m'kachikwama kawo, choncho anasindikiza makhadi achitsanzo n'kutsekera limodzi m'kachikwama kalikonse. Nambala yolemba pa khadipo sanavutike n'kuipeka ayi. Anangotenga ya mayi wina amene anali mlembi mu ofesi mwawo momwemo: 078-05-1120.

Khadilo linali theka la khadi lenileni, losindikizidwa ndi inki yofiira, ndipo pamwamba pake analembapo kuti ndi chitsanzo chabe. Koma tizikwamato titafika m'masitolo a Woolworth, ogula ambiri anangoti basi, boma latipatsa nambala. Anayamba kuilemba pa mafomu a ntchito. Mu 1943 mokha anthu 5,755 ankaigwiritsa ntchito ngati yawo, ndipo m'zaka zonse amene anaitchulapo kuti ndi yawo anaposa 40,000. Mwini wake weniweni anachezeredwa ndi a FBI kunyumba, nambala yake inafafanizidwa, n'kupatsidwa ina.

Nkhaniyi imaseketsa, koma kwa alembi a boma sinali yoseketsa. Nambalayo ndi imene inkalozera tsamba lolembapo malipiro a munthu kuti penshoni yake idzawerengedwe bwino akadzakalamba. Thukuta la anthu masauzande linkathiridwa pa tsamba la munthu mmodzi.

Aliyense wokonza database, nkhokwe imene kompyuta imasungiramo nkhani za anthu, katundu ndi ndalama, amayamba ndi funso lomweli asanalembe china chilichonse: kodi mzere uwu tidzausiyanitsa bwanji ndi unzake? Amene anaika funsoli pa malamulo omveka ndi Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wa ku England yemwe ankayendetsa ndege za asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kenako n'kukalowa ntchito ku IBM. Mu June 1970, ali ku San Jose ku California, anatulutsa pepala lonena kuti nkhani zonse za m'kompyuta ziziikidwa m'matebulo. Tebulo lake ndi lofanana ndi rejisitala ya mphunzitsi: mzere uliwonse wopingasa ukuimira chinthu chimodzi, ndipo danga lililonse lotsika pansi likusunga mtundu umodzi wa nkhani, monga dzina, mudzi kapena tsiku lobadwa. Chachilendo chinali chakuti m'tebulo la Codd mizere ilibe woyamba kapena womaliza. Munthu sanganene kuti ndikufuna mzere wachitatu kuchokera pamwamba, chifukwa mawa kompyuta ikhoza kuusuntha. Mzere umapezeka ndi zimene zalembedwamo basi. Ndiye payenera kukhala danga, kapena madanga angapo ophatikiza, amene zolembedwa zake sizibwerezedwa pa mzere wina uliwonse. Codd analitcha primary key, kunena kuti kiyi wamkulu wa tebulolo. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Turing mu 1981.

Malamulo a kiyi ameneyu ndi ochepa. Asabwerezedwe, asasiyidwe wopanda kanthu, ndipo tebulo limodzi likhale ndi kiyi wamkulu mmodzi yekha. Pali lamulo linanso limene kompyuta siikakamiza koma akale pa ntchitoyi amalisunga kwambiri: kiyi asamasinthe.

Wongoyamba kumene amathamangira dzina. Mphunzitsi aliyense wa sukulu ya pulayimale ku Malawi akhoza kumuuza kuti wasochera. Banda, Phiri ndi Mwale ndi maina a mfunda, eni ake ali mbwee kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chipata, ndipo maina ngati Chisomo, Mphatso ndi Chikondi sasankha mnyamata kapena mtsikana. M'kalasi la ana oposa 100, aphunzitsi amatha kulekanitsa ana ofanana maina pongowonjezera kuti wamkulu, wamng'ono kapena wa kutsidya, koma nzeru imeneyi imathera pakhomo la kalasilo. Dzina limasinthanso. Mtsikana amakwatiwa n'kutenga la mwamuna, mwana woleredwa ndi amalume amakalembetsa mayeso ndi dzina la amalumewo. Kuwonjezera apo pali vuto lathulathu la zilembo: mlembi wina alemba Chirwa, wina Chilwa, wina Phiri, wina Phili. Kukhutu ndi munthu mmodzi, koma kompyuta ikuona anthu awiri osadziwana n'komwe.

Ena amati tiphatikize dzina ndi tsiku lobadwa. Agogo ambiri amangodziwa kuti anabadwa chaka cha dzombe kapena cha njala, ndipo alembi m'maiko ambiri akasowa tsiku amangolemba 1 January. Pa tsiku limeneli pamaunjikana anthu ochuluka modabwitsa.

Sikuti kuphatikiza madanga n'kolakwika nthawi zonse. Akhristu amachita zimenezi Lamulungu lililonse osadziwa. Mlaliki akangoti vesi 16, mpingo ungokhala kakasi. Akati mutu 3 vesi 16, mabuku ake ndi ambirimbiri. Pafunika zitatu zonse, buku, mutu ndi vesi, ndipo bukulo alitchule mosamala, poti Yohane 3:16 ndi 1 Yohane 3:16 ndi malo awiri osiyana. Mitu imene ikugwiritsidwa ntchito lero akuti inagawidwa ndi Stephen Langton, bishopu wamkulu wa Canterbury amene anamwalira mu 1228, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Kiyi wa madanga atatu ameneyu wagwira ntchito zaka zoposa 470 pa chifukwa chimodzi: palibe amene amamusintha. M'database, kiyi wotere amakwanira bwino pa tebulo ngati la zotsatira za mayeso, pomwe nambala ya wophunzira, phunziro ndi chaka zikaphatikizana siziyenera kuonekanso kachiwiri.

Nanga manambala amene munthu amabwera nawo kale, monga ya foni kapena ya chiphaso? Amakopa kwambiri, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Nambala ya foni ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imailanda n'kuigulitsa kwa wina, ndipo watsopanoyo amalowa m'mbiri ya munthu amene sanamuonepo. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, bambo, mayi ndi ana onse amalembetsa yomweyo. Ngakhale manambala a mabuku a ISBN, amene ankaoneka okhazikika ngati mwala, anachoka pa madijiti 10 kufika pa 13 pa 1 January 2007, ndipo masitolo ndi malaibulale anayenera kukonzanso matebulo awo.

Chiphaso cha ku South Africa chimaphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. Nambala yake ili ndi madijiti 13 ndipo imalankhula. Madijiti 6 oyamba ndi tsiku lobadwa, chaka chikulembedwa ndi madijiti awiri okha. Anayi otsatira amanena ngati munthu ndi wamkazi, kuyambira 0000 mpaka 4999, kapena wamwamuna, kuyambira 5000 mpaka 9999. Kenako pali dijiti yonena ngati ndi nzika, ndipo yomaliza ndi yotsimikizira kuti ena onsewo alembedwa bwino. M'nthawi ya tsankho, dijiti ya nambala 12 inkanena mtundu wa munthu, mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene anaichotsa tanthauzolo, anthu n'kupatsidwa manambala atsopano. Vuto la nambala yolankhula ndi lomweli: zimene ikunenazo zikalakwika kapena zikasintha, nambala yonse iyenera kusintha. Mlembi akaphonya tsiku lobadwa, kukonza tsikulo ndiye kusintha kiyi. Wobadwa mu 1925 ndi wobadwa mu 2025 onse amayamba ndi 25. Ndipo Amalawi amene amakhala ku Joni amalidziwa vuto lina pamaso: fomu ya pa kompyuta ikaumirira madijiti 13, munthu wa pasipoti alibe polowera. Pasipotiyo nayonso ikatha, yatsopano imabwera ndi nambala ina.

Kwathu kuno, bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017, ndipo chiphaso cha unzika tsopano chimafunsidwa ku banki, polembetsa simu khadi ndi pogula feteleza wotsika mtengo. Koma khadilo limaperekedwa kwa azaka 16 kupita m'tsogolo. Chipatala chimene chingaike nambala ya pa khadi ngati kiyi wamkulu wa odwala chidzagwira njakata pamene munthu wabwera pa machira, ali chikomokere, m'thumba mulibe kanthu. Kiyi wamkulu sasiyidwa wopanda kanthu, ndiye kuti kompyuta ikana kumulemba.

Dziko la India litayamba kupereka manambala a Aadhaar mu 2010, linasankha njira ina. Nambala yake ya madijiti 12 sinena chilichonse, kaya chaka chobadwa, dera kapena mtundu. Anthu oposa 1 biliyoni ali nayo.

Nzeru imeneyi ndi imene okonza database ambiri amatsata masiku ano. M'malo modalira chinthu chochokera kunja, amauza kompyuta kuti izipereka yokha nambala ku mzere uliwonse watsopano, 1, 2, 3, ngati manambala a m'buku la malisiti. Nambalayo ilibe tanthauzo, choncho ilibe chifukwa chosinthira. Mayi akasintha dzina, foni ndi mudzi, amakhalabe 4,117. Phindu lake limaoneka pa matebulo ena. Tebulo la ngongole, la zosunga ndi la chindapusa salembanso dzina la mayiyo, amangonyamula 4,117, ndipo nambala yonyamulidwa chonchi ndi imene imatchedwa foreign key. Kiyi akanakhala dzina, tsiku la ukwati wake likanakhala tsiku losakasaka mizere yake m'matebulo onse.

Komatu manambala owerengawa amatha. Danga la manambala limene mapulogalamu ambiri akale ankagwiritsa ntchito limalekeza pa 2,147,483,647. Poyamba imaoneka nambala yosafikirika. Pa 8 November 2018, kampani ya Basecamp ya ku Chicago inaifikira pa tebulo lake lina lotanganidwa kwambiri, ndipo kwa maola pafupifupi asanu makasitomala ankangowerenga zakale, osatha kulemba chatsopano. Chopweteka n'chakuti mmodzi mwa eni kampaniyo, David Heinemeier Hansson, ndi amene anapanga Ruby on Rails, chida chopangira mapulogalamu chimene chaka cham'mbuyo mwake chinali chitasintha kale kuti matebulo atsopano aziyamba ndi danga lalikulu. Tebulo lawo lakale ndi limene linatsalira. Kampani ya GitHub nayo inapunthwa pa mwala womwewo mu May 2020. Danga lalikululo limafika pa 9,223,372,036,854,775,807. Tebulo lolandira mizere 1 miliyoni pa sekondi iliyonse lingatenge zaka zoposa 290,000 kuti lidzaze.

Manambala otsatizana amaululanso zinsinsi. Pa nkhondo yachiwiri ija, akatswiri a masamu a ku Britain ndi America ankalemba manambala a pa akasinja a Germany amene agwidwa kapena kuwonongedwa. Kuchokera pa manambalawo anawerengera kuti pakati pa June 1940 ndi September 1942 adani ankapanga akasinja 246 pa mwezi, pamene akazitape ankati 1,400. Nkhondo itatha, mabuku a Germany anaonetsa 245. Wamalonda amene akufuna kudziwa mmene mnzake akugulitsira angachite chimodzimodzi: kugula kanthu Lolemba, kugulanso Lachisanu, n'kuchotsera manambala a malisiti awiriwo. Ofuna kupewa zimenezi amagwiritsa ntchito UUID, chingwe chachitali cha zilembo ndi manambala 32 chimene makompyuta osiyanasiyana angapange okha popanda kufunsana. N'chovuta kuchitchula pa foni, ndipo chimadya malo.

Koma vuto lalikulu la nambala yopanda tanthauzo si kutha kapena kuulula. Ndi lakuti siikana munthu.

Mwachitsanzo, pa SACCO ina ya pa boma, mayi wafika Lolemba ndi chiphaso chake, mlembi wamulemba, kompyuta yamupatsa 4,117. Patatha miyezi itatu mayiyo wataya kabuku kake, wapeza mlembi wina, pamzere pali anthu mpaka panja. Mlembiyo wasaka Chirwa, sanamupeze poti woyamba uja analemba Chilwa, ndiye wangomulemba mwatsopano. Kompyuta yapereka 4,560 mosanyinyirika. Malamulo onse a kiyi wamkulu asungidwa: manambala awiriwo ndi osiyana, palibe danga lopanda kanthu. Koma mayi mmodzi tsopano ndi mamembala awiri, ndipo akhoza kutenga ngongole ziwiri. Nkhani ya kachikwama ija yatembenuka: kuja nambala imodzi inali ndi anthu ambiri, kuno munthu mmodzi ali ndi manambala awiri. Maina a mizukwa pa ndandanda wa malipiro amalowera pa khomo lotseguka ngati lomweli.

Wotseka khomo limeneli ndi unique index. Index wamba ali ngati mlozera wa kumapeto kwa buku la nyimbo, amene amasanja nyimbo motsata zilembo kuti munthu asatsegule tsamba ndi tsamba. Database imasunga mlozera wotere pambali pa tebulo, ndipo nthawi zambiri imamumanga motsata njira yotchedwa B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaitulukira akugwira ntchito ku Boeing, n'kuisindikiza mu 1972. Tsamba lapamwamba limaloza masamba a pansi pake, amenewo amalozanso ena. Ngati tsamba lililonse likuloza zinthu 500, masitepe atatu okha akukwana kupeza mzere umodzi pakati pa mizere 125 miliyoni. Mlozera akauzidwa kuti akhale unique, amawonjezera ntchito imodzi. Popeza amayenera kupita pamalo oyenera kukaika chinthu chatsopano, akapeza kuti pamalopo pali kale chofanana nacho, amakana. SACCO ija ikanaika unique index pa danga la nambala ya chiphaso, mlembi wachiwiri akanabwezedwa pomwepo, Chirwa kaya Chilwa.

Kunena zoona, kiyi wamkulu naye amayendera mlozera yemweyu. M'mapulogalamu a database monga PostgreSQL, MySQL, Oracle ndi SQL Server, munthu akalengeza primary key, pulogalamu imadalira mlozera kuseri kuti izitha kukana zobwereza. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amafunsa ngati ziwirizi zili zosiyana n'komwe. Kusiyana kwake kuli pa ntchito. Kiyi wamkulu ndi mmodzi, ndipo ndi dzina limene matebulo ena amaitanira mzerewo. Ma unique index akhoza kukhala angapo pa tebulo limodzi, wa chiphaso, wa imelo, wa nambala ya galimoto, ndipo aliyense akulondera lamulo la kunja kwa kompyuta. Zimene akulondazo zikhoza kusintha popanda kugwedeza matebulo ena. Wokonza amene waika kiyi wowerenga yekha n'kuiwala alonda amenewa wagwira theka la ntchito, ndipo cholakwa chimenechi n'chofala kuposa kutha kwa manambala kuja.

Ena amatsutsa kuti pulogalamu yawo imayamba yafufuza isanalembe, ndiye mlonda ndi wosafunika. Zimayenda mpaka tsiku limene alembi awiri, wina ku Lilongwe wina ku Mzuzu, adina batani pa sekondi imodzi. Onse awiri afunsa ngati nambalayo ilipo, onse ayankhidwa kuti palibe, onse alemba. Munthu wodina kawiri chifukwa netiweki ikuchedwa amabweretsa zomwezi. Mlozera yekha ndi amene amaima pakhomo limodzi lomwe onse ayenera kudutsa.

Kusiyana kwina ndi danga lopanda kanthu, limene m'chinenero cha ma database cha SQL limatchedwa NULL, kutanthauza kuti sizikudziwika. Unique index amalola kuti munthu wopanda chiphaso alembedwe. Koma anthu awiri opanda chiphaso, kodi ndi obwereza? PostgreSQL, MySQL ndi Oracle amati ayi, zosadziwika ziwiri sitinganene kuti n'zofanana, ndipo amalola ma NULL ambirimbiri. SQL Server amalola mmodzi yekha, wachiwiri amamukana. PostgreSQL inadzapereka ufulu wosankha mu 2022, pa mtundu wake wa nambala 15. Wosamutsa tebulo kuchoka ku pulogalamu ina kupita ku inzake amakumana nazo zimenezi usiku, ntchito itaima. Kumene danga lakakamizidwa kuti lidzazidwe, alembi amapeza njira yawo: woyamba wopanda chiphaso amamulembera 00000000, wachiwiri akakanidwa amamupatsa 00000001, ndipo pakutha pa chaka tebulo ladzaza ndi ziphaso zimene boma silinaperekepo. Mawu a NULL omwewo anamugwetsa m'mavuto munthu wina wa ku California amene anawasankha kukhala nambala ya galimoto yake: zindapusa za magalimoto amene nambala zawo sizinalembedwe zinayamba kufikira kwa iye, mpaka kuposa madola 12,000.

Mlondayu alinso ndi malire ake. Amangoyerekeza zilembo, saganiza. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 ndi yomweyo yoyamba ndi +265 kwa iye ndi ziwiri. Mpata wosaoneka kumapeto kwa mawu, kapena chilembo O pamalo pa ziro, zikhoza kumudutsa. Zinthu ziyenera kuyeretsedwa kaye zisanafike kwa iye. Ndipo sagwira ntchito yaulere, poti mzere uliwonse watsopano uyenera kulembedwanso mu mlozera aliyense, choncho tebulo la milozera khumi limachedwa kulandira.

Nthawi yabwino yomuika ndi tsiku loyamba, tebulo lili mbee. Pa tebulo la zaka zisanu database imakana kumumanga ikangopeza chobwereza chimodzi, ndipo imatchula nambala imene yaipunthwitsa. Wina achotse chimenecho, ayesenso, itchula china. Pamenepo kompyuta ilibenso chothandiza. Pafunika munthu akhale pansi ndi mafayilo, aone ngati 4,117 ndi 4,560 alidi mayi mmodzi, asankhe nambala yotsala, asamutse ngongole ndi zosunga zonse, mwinanso aimbe foni kapena atume uthenga kwa amfumu. Alembi a Social Security anagwira ntchito yamtundu umenewu kwa zaka zambiri, akulengeza kuti nambala ya m'kachikwama si ya munthu aliyense. Mu 1977, patatha zaka 39 chigulitsireni tizikwama tija, anapezabe anthu 12 akulemba 078-05-1120 pa mafomu awo.